Diso Lomwe Ndinataya Podikira Mayeso

Unayamba ndi mutu. Masana aliwonse ndikamaweruka, ndinkamva kupweteka kuseri kwa diso lakumanzere. Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina kufupi ndi Manjawira, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza digiri ya masamu yomwe ndinaphunzira pa intaneti kwa zaka zinayi. Ndinkangoti maso atopa ndi foni, n'kumwa panado.

Ndinafunsira malo ku yunivesite ina kuti ndichite digiri yachiwiri. Anandiyankha kuti popeza digiri yanga ndi ya pa intaneti, ndikalembe kaye mayeso pamaso pawo, aone ngati masamuwo ndimawadziwadi. Zinandiwawa, chifukwa ngakhale aphunzitsi anzanga ankaitchula kuti digiri yapafoni. Ndinatsimikiza mtima kuti palibe chondichotsa pa mabuku.

Mvula itayamba, ndinayamba kumagunda felemu ya chitseko ndi phewa lakumanzere. Tsiku lina pa Boma wakabaza anandigwetsa, ndipo sindinamuone n'komwe akubwera. Amuna anga anati, "Amake Tadala, tiyeni kuchipatala lero lomwe." Ndinawauza kuti tidikire mayeso adutse. Kunali kutatsala miyezi itatu.

Tsiku la mayeso manambala a kumanzere kwa pepala ankazimiririka. Ndinkachita kutembenuza mutu kuti ndipeze poyambira mzere. Nditaphimba diso lamanja popukuta thukuta, chipinda chonse chinada, kungotsala kabowo kowala ngati ndikusuzumira m'paipi. Ndinakhala duu, cholembera chili m'manja, mpaka nthawi inatha. Mayesowo ndinalephera.

Kuchipatala cha ku Ntcheu anandilembera kalata yopita kwa madokotala a maso ku Lilongwe. Kumeneko ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kabuku kakuchipatala kali pamiyendo. Ambiri pamzerepo anali okalamba ogwiridwa dzanja. Dokotala atandiyeza anati, "Mayi, madzi a m'diso sakutuluka bwino, ndiye akhala akufinya mtsempha mpaka kuupha. Lakumanzereli silidzaonanso. Tiyesetse kupulumutsa lamanjali."

Kenako anafunsa ngati kwathu alipo anachitapo khungu. Ndinakumbukira bambo anga, omwe anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Maso awo anazima pang'onopang'ono, ndipo tonse tinkati ndi fumbi la mumgodi. Anamwalira akuyenda chopapasa m'nyumba yomwe anamanga okha. Dokotalayo anati matendawa amayenda m'mtundu, abale anga onse akayezetse.

Anandipatsa mankhwala odontheza m'mawa ndi madzulo, koma patapita milungu isanu anapeza kuti sakukwanira. Anandichita opaleshoni diso lamanja. Atalimata, ndinakhala mumdima tsiku lathunthu, achemwali anga akundigwira dzanja popita kuchimbudzi. Namwino atachotsa bandeji m'mawa mwake, ndinaona chifunga chokhachokha ndipo ndinalira. Iye anati, "Musalitikite, lidzayera." Linayeradi, koma patatha mwezi. Teremu yonse sindinaphunzitse.

Chaka chotsatira ndinalemberanso yunivesite ija, n'kufotokoza za matenda anga. Anandilola kulembanso mayeso pa pepala la zilembo zazikulu. Ndinakhoza, ndipo anandipatsa malo. Kalatayo itafika sindinasangalale monga ndinkayembekezera. Ndinaiwerenga nditaiyandikiza kumphuno, n'kuiika m'sutikesi.

Pano ndili m'chaka choyamba cha maphunzirowo. Ndimawerenga theka la ola n'kupuma. Powoloka msewu ndimatembenuka thupi lonse. Mankhwala ndidzadontheza moyo wanga wonse, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimapita kukayezedwa. Mlongo wanga wa ku Lizulu anakana kukayezetsa kwa nthawi yaitali, akuti amaona bwino. Atapita anamupeza ndi matendawa asanawononge diso lililonse.

Mutu ukamakuvutani osaleka, kapena mukayamba kugunda zinthu zomwe zili pambali panu, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ngati kholo lanu linachita khungu, kayezetseni ngakhale mukuona bwino. Ine mayeso anandilola kulembanso, koma diso palibe amene anatha kundibwezera.