Khola la galu wa akalipentala

Akalipentala a kuseri kwa msika ali ndi zaka 74, ndipo tepi yoyezera sichoka m'thumba mwawo. Salankhula zambiri. Kasitomala akapempha kuti asiyeko mpata pang'ono, amangoti, "Thabwa silikula. Chimene ndayeza n'chomwecho."

Tsiku lina anabwera ndi kagalu kamene anakavuula m'ngalande, nthiti zili pamtunda, mtundu wake wosadziwika. Akazi awo anawachingamira pakhomo.

"Abambo, kameneka kakangogona m'nyumba mwanga, kabwerere kumene mwakatola."

Akalipentala anakayeza ngati kabati, n'kukakhomera khola lokakwana ndendende.

"Mwayeza msana, koma mapaziwo mwawaona?" anafunsa mayiwo. "Chigalu chimenecho."

"Ndayeza ine."

Dzinja lisanathe, m'kholamo munkangolowa mutu, thupi lonse likunyowa panja. Galu anayamba kukanda chitseko cha nyumba. Mayi aja anatuluka, manja ali m'chiuno.

"Thabwa silikula, eti?"

Akalipentala analowa m'shedi momwe ankagwirira ntchito. Anakokera panja benchi lawo lopalirapo matabwa, limene ngakhale ana awo salikhudza, n'kuyala matumba m'shedimo.

Masiku ano amapalira matabwa pansi pa mtengo. Galu amagona m'shedi, ndipo akukulabe.