Mafuta a Nsatsi pa Galasi la Galimoto

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nkhondo yaikulu itangotha kumene. Bambo anga, a Namakhwa, anali dalaivala wa mzungu wa pa esiteti ya fodya kufupi ndi Namadzi. Makolo awo anachokera ku Mozambiki chimanjamanja, choncho nyumba yathu ndi kamunda kathu zinali pa malo a mzunguyo. Ntchito kutha, malonso kutha. Zimenezi ngakhale ana tinkazidziwa.

Galimoto ya mzunguyo abambo ankaisamala kuposa ife, sindikunama. Kunja ankatilola kuthirako madzi, koma galasi lakutsogolo, mbali ya m'kati, linali lawo okha. Miyezi yozizira linkachita nthunzi, ndipo utsi wa kaliwo wa bwana unkamatirirapo mpaka kutuwa. Ankalitsuka Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Ine sindinafunsepo kuti amalitsuka ndi chiyani.

Lamulungu lina mu Juni malungo anawagwetsa pamphasa, chonsecho Lolemba m'mawa anayenera kupita ndi bwana ku Limbe kokagulitsa fodya. Ndinawamva akudandaulira amayi kuti galasi silinatsukidwe. Ine Esinati, mayi wodziwa zonse, ndinati chovuta n'chiyani pamenepa? Kwathu chinthu chikatuwa timachidzoza. Miyendo ikatuwa, mafuta a nsatsi. Lamba wa abambo akauma, mafuta a nsatsi. Ndinatenga nsupa ya amayi ndi kansanza, ndinalowa m'shedi mosungira galimoto dzuwa lili pamutu, n'kupaka galasi lonse mpaka m'makona. Linangoti waliwali! Sindinauze munthu, ndinkafuna adzadabwe okha.

Kunacha ndi chiperoni. Abambo ananyamuka akunjenjemerabe. Zotsatirazi ndinazimva madzulo akufotokozera amayi. Asanapite patali galasi linachita nthunzi. Anapukuta ndi mkono wa jekete, koma m'malo moyera linangopakika. Kutsogolo kunabwera lole itayatsa nyali chifukwa cha nkhungu, kuwala konse n'kumwazika pa mafuta aja, msewu osaonekanso. Galimoto inagwera m'ngalande, bwana n'kutemeka pachipumi.

Bwanayo anadutsitsa chala pagalasi, ananunkhiza, n'kufunsa kuti wapaka uve umenewu ndani. Abambo fungolo analidziwa, linali la m'nyumba mwawo. Anayankha kuti, "Ndine, bwana." Bwana anawapatsa masiku atatu oti tisamuke.

Atatha kufotokoza anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Esinati, bwera ndi nsupa ya amako."

Ndinabwera nayo. Ndinkafuna andikwapule, Mulungu akudziwa, mwina mtima ukanapepukako. Iwo anangotenga galasi la nyali yathu, analipaka mafuta, analiuzira mpweya, n'kuliika pakati pa nkhope yawo ndi yanga.

"Ukundiona?"

"Ayi, ababa."

Analitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, kawiri, kenaka anakwinya nyuzipepala yakale youma n'kupukuta mpaka linayamba kulira kuti tswii. Anatinso ndiyang'ane. Ndinawaona bwinobwino, maso ofiira ndi malungo, magazi a bwana atauma pakolala.

"Galasi si khungu, mwanawe, silidzola. Ndikanakuonetsa kale."

Ndinalira. Ndinati mawa ndipita kwa bwana ndikanene kuti ndine.

"Ukakanena adzati ndimapatsa ana galimoto yake. N'chimodzimodzi. Kathandize amako kumanga katundu."

Tinasamukira ku Namitambo, kwa amalume, amene anatigawira kachigawo ka munda wamiyala. Chinangwa chathu tinachisiya m'nthaka kuesiteti, anakumba ena. Abambo anayenda wapansi kupita ku Limbe kangapo konse kukafuna ntchito ya udalaivala, koma kulikonse ankafunsa kalata ya kumene anachokera, ndipo bwana uja anakana kulemba. Munthu amene ankavala jekete ndi chipewa anayamba kupalira minda ya anzake. Ine sukulu inathera pomwepo. Abambo sanandinenepo mawu oipa, ngakhale kamodzi, ndipo amayi ankapitiriza kutidzoza ndi nsupa yomweyo popeza ina kunalibe. Abambo atamwalira tinapeza laisensi yawo itakulungidwa m'kansalu, pansi pa sutikesi.

Anthu amati safunsa anadya phula. Ine mwambi umenewo umandikwiyitsa, chifukwa phula langa anadya ndi munthu wina. Amatinso Mulungu amaona mtima. Mwina amaonadi, koma mtima wanga wabwino sunatibwezere nyumba.

Masiku ano mdzukulu wanga amanditengera kuchipatala pa galimoto yake. Galasi likachita nthunzi amangopukuta ndi chikhatho, ine n'kumukalipira ngati waba. Amaseka, amati, "Agogo, inu galimoto munayendetsapo?" Sindinayendetsepo. Koma kutsuka galasi ndimadziwa kuposa iyeyo, sopo kawiri ndi nyuzipepala youma. Ndinaphunzirira pa galasi la nyali, tsiku limene abambo analibenso galimoto yoti atsuke.