Mayi amene ndinawanamizira ufiti

Mwana wanga woyamba anamwalira ndi malungo, koma ine sindinavomere kuti anali malungo. Ndinali ndisanakhalitse pabanja, kumudzi kwathu kufupi ndi Mitundu. Maliro atatha ndinayamba kunena kuti anamulodza ndi mayi ena amasiye oyandikana nafe, chifukwa anamupatsa chimanga chowotcha asanayambe kudwala. Anthu anandikhulupirira. Pamjigo akazi ankawasala, moni anasiya kuwapatsa. Mvula isanagwe, mayiwo analongedza katundu napita kwa mwana wawo wamkazi ku Nathenje.

Zaka zinapita. Ndinabereka ana ena, ndinalowa m'gulu la amayi a kutchalitchi, ndipo nyimbo zonena kuti Yesu anatiwombola ndinkaimba mokweza kuposa anzanga. Koma popita kudimba ndinkazungulira kutali kuti ndisadutse pabwinja la mayi aja.

Lachinayi lina abusa ankatiphunzitsa za chiwombolo. Anati, "Munthu wowomboledwa salinso wa mbuye wake wakale. Tchimo limene mukulibisa ndiye kuti mukulitumikirabe." Sananene dzina la munthu, koma ine ndinalephera kudzutsa mutu.

Nditawauza amuna anga kuti ndikufuna kukapepesa kwa mayi aja, anati, "Zakale zimenezo, ukufukuliranji?" Komabe m'mawa mwake anandiitanira okha njinga yamoto.

Mayi aja ndinawapeza ku Nathenje m'mbali mwa msewu wa tala akugulitsa tomato, pamene amaima maminibasi. Anali atakalamba ndithu. Ndinagwada pafumbi.

"Amayi, ndine uja wa ku Mitundu. Ndinakunamizirani. Mwana wanga anafa ndi malungo."

Kunabwera wogula, mayiwo anamuikira tomato m'jumbo, kenaka anandiyang'ana.

"Ndakuzindikira," anatero. "Zaka zitatu sindinadye mgonero wa Ambuye chifukwa cha iwe. Ndinkati ndikaganiza kuti amene anafera ine anaferanso iwe, mtima unkandiwawa. Koma ndinatopa nawo mkwiyo, ndinausiya kwa mwini wake. Dzuka, anthu akutiona."

Ndinakhala pambali pawo ndikulira. Anandifunsa za ana anga, ndi za anthu akumudzi amene anatisiya. Pamene ndinkatsanzika anati, "Mwana wanga, kuno dzina langa ndi labwino. Kumene linaipa ndi kwanu."

Lamulungu lotsatira ndinapempha akulu a mpingo kuti andilole kulankhula. Ndinaima kutsogolo ndipo ndinanena zonse. Ena anandida nazo, makamaka aja amene anandithandiza kufalitsa bodzalo. Ena anabwera kudzandigwira dzanja.

Mayiwo sanabwererenso kumudzi, anali atazolowera kwa mwana wawo. Ndinkapita kukawaona ndikakolola, nditanyamula mtedza pang'ono. Atamwalira, anthu a m'mudzi mwathu tinadzaza lole kupita ku Nathenje, ndipo mwana wawo anandilola kukhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi abale.