Mchere wa M'mabotolo a Dailes

Anthu a ku Bundabunda akamanena za Dailes ankayamba ndi matimati. Zoti anali mkazi wa ku Petauke, kapena zoti mawu ake ankamveka pamwamba pa onse m'kwaya ya amayi, zinkabwera pambuyo. Ankangoti, "Uja wa mabotolo." Ndipo sankanama. M'nyumba mwake munali mashelefu a matabwa kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda, odzaza mabotolo ofiira psu.

Anafika kudera la Chongwe, kufupi ndi Lusaka, ali mtsikana, atakwatiwa ndi Cheelo, yemwe ankakama ng'ombe pafamu ina ku Palabana. Kumeneko n'kumene anaphunzira ntchito ya mabotolo, kukalabu ya amayi a mpingo. Anzake ankapitira tiyi ndi miseche, iye ankapitira kumva. Matimati umawaviika m'madzi owira kuti khungu lisendeke lokha, n'kuwapanikiza m'botolo lotsuka bwino. Ukatero uthire madzi a ndimu ndi kasupuni ka mchere, utseke, uwiritse mabotolowo m'dilamu. Akamazizira, chivindikiro chimalowa m'kati n'kulira kuti tho! Dailes akamva kaphokoso kameneko ankamwetulira yekha.

Ntchito ya pafamu itatha, Cheelo anapita naye kumudzi kwa makolo ake ku Bundabunda. Abale a mwamuna anam'patsa kamalo ka m'mbali mwa mtsinje kamene aliyense ankakakana chifukwa cha bango. Iye anazula bangolo ndi manja, anakumba chitsime, anatchinga ndi minga kuopa mbuzi. Posakhalitsa munali repu, anyezi, tchaina ndi matimati ochuluka moti mitengo yochirikizira inkathyoka.

Cheelo anamwalira nyengo yozizira ya 1991, atadwala nthawi yaitali. Mwana analibe. Maliro atatha, Jonas, mkulu wake wa malemuyo, anam'fotokozera Dailes mwambo wa banjalo. Mkazi wamasiye amakhala atanyamula mzimu wa mwamuna wake mpaka abale a mwamunayo atam'sudzula. Asanam'sudzule sagona mudzi wina, sapereka moni wa m'manja, ndiponso sathira mchere m'chakudya chimene ena adye, kuopa kuti angatupe miyendo n'kuyamba chifuwa. Kusudzulako sikunali kovuta ayi. Abale amasonkhana, amam'paka ufa pamphumi, amam'manga mkanda woyera padzanja, n'kumuuza kuti pita, ndiwe mfulu.

"Mulamu, osada nkhawa," anatero Jonas. "Tikakolola chabe, tizakumasulani."

Chaka chotsatira mvula inakana. Chimanga chinauma chisanamasule, ndipo m'mudzi monse malo obiriwira anali dimba la Dailes lokha, chifukwa chitsime chake sichinaphwe. Jonas anati mwambo sungachitike kopanda chakudya chodyetsa anthu, ndipo Dailes anamvetsa. Za mchere anapeza njira: Rosemary, mkazi wa Jonas, ankabwera tsiku lophika, n'kukhala pampando, n'kumathira kasupuni m'botolo lililonse. Kusenda, kutunga madzi, kutola nkhuni, kupsa zala ndi dilamu, zonse zinali za Dailes. Rosemary yake inali supuni ndi nkhani. Komabe Dailes ankaliyembekezera tsikulo, chifukwa ndi lokhalo limene munthu ankakhala pakhomo pake mpaka dzuwa kupendeka.

Mabotolo aja anadyetsa makomo onse a banjalo. Dimba likamizidwa ndi madzi m'dzinja, ndiwo zikasowa, ana ankatumidwa kwa Dailes ndi mbale. Chaka china mvula inabwera bwino, nkhokwe zinadzaza, koma Jonas anati malume awo a ku Kafue akudwala, sangabwere. Chaka chinacho anati pali ukwati wa mwana, zinthu ziwiri sizingayendere limodzi. Bamboyu anali ndi mphatso yopeza zifukwa, akanazilima m'munda akanakhala mlimi wamkulu m'boma lonse.

Mungafunse kuti bwanji sanangonyamula katundu n'kukwera basi ya ku Petauke. Msewu waukulu sunali kutali, ndipo palibe amene anam'manga chingwe. Koma Dailes mwiniyo ankaopa. Ankapemphera, ankaimba kutchalitchi, koma ankadziwanso kuti akafika kwawo wosasudzulidwa, amayi ake enieni adzam'yalira mphasa panja. Kumudzi kwa mwamuna anali mlendo, kwawo akanakhala woopedwa. Zimenezi zinkamupweteka kwambiri, ndipo nthawi zambiri ankalira ali chiweramire m'mabedi a anyezi.

Mlongo wake Abson ankagulitsa nsawawa ku Lusaka, ndipo pobwerera ankatsika basi kudzamuona. Ankaima patali pang'ono, manja kumbuyo, kupereka moni wa pakamwa. Pochoka ankanyamula botolo limodzi kapena awiri kupita nawo kwa amayi awo, pakuti mchere wake anathira ndi Rosemary. Chinthu chokhacho cha Dailes chimene chinkafika kwawo chinali chimenecho. Amayiwo, ankatero Abson, ankayamba aligwiragwira botololo nthawi yaitali asanalole kuti litsegulidwe.

Ulendo wina Abson anabwera ndi nkhope yolemera.

"Amama maso yayamba kuchita nkhungu," anatero. "Akuti afuna akuone akalibe kulekeratu kuona."

"Nizakamba nawo futi ba Jonas."

"Uzakamba kangati? Iwe Dailes, suona? Uzimanga weka na dimba yako iyi. Munthu angamasule ng'ombe yamene imupasa mukaka? Leka kuthilira. Ikauma chabe, bazakupaka unga pamphumi mawa lomwe."

Dailes anayesa. Anapachika keni yothirira pamtengo, n'kukhala pakhonde manja ali pamiyendo. Koma patatha masiku angapo, atapita kukasuzumira n'kuona matimati atagwetsa masamba, maluwa ali mbwee pansi, mtima unam'kanika. Anathirira mpaka msana kuwawa, akudzitukwana yekha.

Mu 1995 mvula inavutanso, ndipo aliyense ankadziwa kuti dzinja lidzakhala lowawa. Matimati a Dailes anapsa onse nthawi imodzi m'mwezi wa Okutobala. Tsiku lophika, mabotolo ali ndandanda pamphasa, Rosemary anafika ndi supuni yake. Anapeza Dailes atagwira kale mbale ya mchere.

"Mulamu, muchita chani?"

Dailes anatapa mchere ndi zala zake, n'kuthira m'botolo loyamba, lachiwiri, mpaka mzere wonse, Rosemary akuona. Sanadumphe ngakhale limodzi.

"Mukabauze ba Jonas," anatero atamaliza. "Ngati bafuna kudya, bayambe banimasula. Nifuna kuyenda kwathu."

Rosemary anathamanga chitenje chili m'manja. Madzulo ake Jonas anabwera, anakalipa ataima kunja kwa mpanda, anati mkazi ameneyu akufuna kupha ana a eni ake. Dailes mumtima anati zatheka. Ankaganiza kuti atsala ndi njira ziwiri zokha, kumusudzula kapena kugona ndi njala, ndipo Jonas sanali munthu wogona ndi njala. Anachapa zovala zake, anazipinda m'sutikesi, n'kuyamba kudikira.

Miyezi inapita, palibe anabwera ndi mbale. Kenaka mu Januwale, mvula yochedwa ija itamiza dimba, Rosemary anatulukira m'mawa wina. Sanakhale pansi, sanayang'ane Dailes kumaso. Analowa, anatenga botolo pashelefu, analibisa m'chitenje, n'kupita. Mawa lake kunabwera mbale za makomo ena. Anadya onse, ana ndi akulu omwe. Palibe anatupa mwendo, palibe anatsokomola.

Dailes anapita kwa Jonas, anagwada patali monga mwa ulemu.

"Bamulamu, mwadya muchele wanga, ndipo muli bwino bonse. Manje chasala n'chani?"

Jonas anali atangomaliza kudya, akutsuka m'manja, msuzi wofiira udakali m'mbale pambali pake.

"Muchele ni nkhani ing'ono, mulamu," anatero mofatsa. "Mulungu anaona njala yathu. Koma nkhani ya munthu wakufa ni ikulu, sitingaithamangire. Tiyeni tione chaka chamawa."

Mwambo unapindika pamene panali mimba zawo, koma pamene panali ulendo wa Dailes unauma gwa. Ndipo kuyambira pamenepo Rosemary analeka kubwera tsiku lophika, popeza supuni yake inalibenso ntchito. Dailes ankasenda yekha, kuthira yekha, kumvera yekha zivindikiro zikulira.

Abson anadzeranso mvula itatha. Anaima malo ake a nthawi zonse, manja kumbuyo, n'kunena kuti amayi tsopano amangozindikira anthu ndi mawu. Dailes analowa m'nyumba, anasankha botolo lofiira kuposa onse, analipukuta ndi nsalu, n'kuliika pansi patsogolo pa mlongo wakeyo.

"Ubapase amama. Olo sibaona, bazaligwira."

Abson anawerama kuti alitole, koma dzanja linaima m'malere. Nkhani ija anali ataimva kale kumsewu.

"Muchele anaikamo ndani?"

Dailes anadziloza pachifuwa.

"Palibe olo imozi ya kudala, yamene banaikamo ba Rosemary?" anafunsanso Abson, mawu ali pansi.

"Yonse banadya."

Abson anaweramuka pang'onopang'ono. Anati amayi ndi okalamba, thupi lawo ndi lofooka, iye sangayerekeze kuwatengera chinthu chotere. Anatsanzika ndi pakamwa, nanyamuka kuti basi ingam'siye. Dailes anamuyang'ana mpaka anazimiririka kuseri kwa mitengo. Kenaka anatola botolo lija, analibwezera pashelefu pakati pa anzake, n'kutenga keni, chifukwa mbande za matimati zinali zisanathiriridwe.