Apongozi Alawa Khofi wa M'makina

Monire mose.

Makina a khofi amene mlamu Tiwonge anatitumizira kuchokera ku Joni aja andichititsa manyazi lero.

Apongozi aamuna afika kuchokera ku Nkhata Bay atanyowa ndi mvula. Ine pofuna kudzionetsa, ndaponya kakapisozi ka khofi m'makinamo. Makinawo alira ngati chigayo cha ku Katawa, kenako atulutsa khofi wosafika ndi theka la kapu lomwe.

Adadawo angomeza kamodzi n'kuti, "Yewo mama, talawa. Tsopano bweretsani weniweniyo, buledi akudikira."

Ndang'amba timakapisozi tonse ndi mpeni, n'kuwiritsa m'poto ndi shuga wambiri. Ati wakoma chomene, mawa ndiphikenso.

Abale, timakapisozi tija tatheratu, ndipo sindikudziwa kokagula tina. Ndiwauze kuti chigayo chafa?