Masiki Yobwereka

Ine ndine telala, ndipo nthawi ya korona ndinasoka mamasiki a chitenje osawerengeka. Theka la anthu a ku Ngokwe ndinawaveka ndine. Ndiye taganizani, ababa anga ondibereka ndinawakweza minibasi pakamwa pali pamtunda.

Inali nyengo yozizira. Ababa ankadwala shuga, ndipo tsikulo ndinkawaperekeza ku Liwonde kukatenga mankhwala. Masiki yawo ndinaichapa dzulo lake, kuiyanika pachingwe, n'kuiiwala pomwepo. Ndinakumbukira tili kale kumsewu wa tala, wanjinga yamoto amene anatinyamula atabwerera. Ndinati basi, tikagula ina tikafika.

M'minibasimo tinapanikizana anayianayi pampando, mawindo onse otseka, ati kukuzizira. Kumbuyo kwathu kunali bambo wina wa jekete lakuda, akutsokomola chifuwa chouma chosalekeza, thukuta lili kamukamu kuzizira konseko. Mayi wina atamudandaulira, iye anati ndi chimfine chabe, korona ndi ya anthu okwera ndege. Anthu anaseka. Zitsiru, ndimatero mpaka lero, ndipo sindidzipatulapo.

Titayandikira rodibuloko, kondakitala anasolola jumbo pansi pa mpando. Sanali mwana iyayi, anali munthu wa imvi m'ndevu, woti ali ndi adzukulu kwawo. M'jumbomo munali mamasiki abuluu aja a kuchipatala, othimbirira ngati kansalu kopukutira mbale. Anagawira aliyense amene analibe. Wapolisi anasuzumira, anaona tonse tavala, anatilola kudutsa. Titangokhota pakona, mkulu uja anatolera katundu wake n'kubwezera m'jumbo, malovu a anthu onsewo pamodzi. Ndinapsa mtima, koma ndinangoyang'ana panja.

Kutsogolo kunali rodibuloko ina. Anagawanso, mmene dzanja lagwirira. Ababa anawapatsa ya chingwe choduka chomangidwa mfundo, ndipo ndinaizindikira pomwepo, chifukwa ndinali nditaiona pakamwa pa wa jekete uja. Ntchito yanga ndi ya ulusi, mfundo sindingaiphonye. Ababa anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Kuthokoza! Anali a mtundu uja woti chopatsidwa sakana, ngakhale chikhale chonyansa bwanji. Koma chingwe chinkakana kukola kukhutu.

"Achemwali, avekeni madalawo msanga, mutigwiritsa," anatero kondakitala.

Minibasi yonse inatembenukira kwa ine. Ine amene pamsika amandidziwa kuti pakamwa panga ndi lumo, amene ndinakalipirapo mwini nyumba ya shopu yanga anthu akuonerera, ndinaopa maso a anthu osawadziwa n'komwe. Ndinaitenga masikiyo. Inali yonyowa, yofunda. Ndinawaveka ababa ndi manja angawa, mpaka kuikonza bwino pamphuno.

Sabata isanathe anayamba kutentha thupi, kenako chifuwa, kenako kupuma ngati akwera phiri ali chigonere. Kuchipatala namwino anandifotokozera kuti kachilomboka kamayenda m'timalovu ndi mumpweya wa wodwala, makamaka pamalo potseka podzaza anthu. Ndinangogwedeza mutu ngati ndikumva zachilendo. Mwina sinali masiki, mwina unali mpweya wa m'minibasimo. Kaya. Zonsezo ndi ulendo womwewo, ndipo wowatenga ndinali ine.

Anamwalira patapita masiku ochepa. Sitinawasambitse monga mwa chipembedzo chathu. Anawaika anthu ovala zoyera thupi lonse, amayi ataimirira patali ngati mlendo pamaliro a mwamuna wawo.

Tsono chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Achimwene anga aakulu anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni mwezi womwewo. Sanadwale, sanatsokomole ngakhale kamodzi. Koma pa sadaka amalume anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti matendawa m'mudzi muno munalibe, abwera ndi a ku Joni. Anthu anavomereza, chifukwa aliyense ankadziwa kuti korona imachokera kunja, siingachokere m'jumbo la munthu wakwathu konkuno. Achimwene anasiya mbale yawo osaikhudza, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango okhaokha. Ine ndinali pomwepo, ndikugawa madzi osamba m'manja. Pakamwa panga pa lumo paja panali tsekee.

Anabwerera ku Joni mvula isanagwe ndipo sanapondenso kumudzi. Amayi satchula dzina lawo. Ndimakwiyira kondakitala, ndimakwiyira amalume, ndimakwiyira wa jekete uja, kaya ali moyo kaya anapita. Koma onsewo sindikumana nawo tsiku ndi tsiku.

Mwezi wathawu achimwene anandiimbira foni. Titacheza za mvula ndi za ana, anandifunsa:

"Achemwali, kodi amayi anandikhululukira?"

Ndinawayankha kuti netiweki ikuvuta, sindikumva bwino.