Mendulo ya aKopolo

Chaka chimene fodya wanga anabwezedwa kawiri ku okushoni ndi chimene ndinati basi, zandikwana, ndikupita ku Joni. Sindinafunse maganizo a munthu. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi, n'kukatsanzika amayi chikwama chili kale paphewa. Ndinawapeza akutonola chimanga pakhonde kwathu ku Nathenje, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Pita," anatero. "Amuna a mtundu uno sakhazikika. Agogo akonso sitidziwa kumene anachokera."

Agogo amenewo anali bambo awo. Anafika m'mudzi mwathu atangotuluka usilikali wa nthawi ya atsamunda, n'kukhala mkamwini. Chichewa chawo chinkamveka cha kummwera, koma kaya Zomba, kaya Mulanje, palibe anafunsitsa. Aliyense ankangowaitana kuti aKopolo, potengera udindo wawo wa ku usilikali. Anamwalira amayi akukwawa, n'kusiya mamendulo awiri, ina yozungulira ina yooneka ngati nyenyezi, ndi mwana wopanda mfunda. Anzawo akamatchedwa Nabanda, Naphiri, amayi anga anakula akuwaseka kuti Nakopolo, ndipo dzinalo linawamatirira mpaka imvi. Pagulu ankaseka nawo. Tikakhala tokha ankandifunsa kuti, "Kodi ine ndikadzafa, pamaliro adzalengeza kuti wagona apayu ndi mwana wa yani?"

Za ku Joni sindikonda kufotokoza, zimanditopetsa. Zaka zoyamba ndinkadula kapinga m'mayadi a anthu, kugona anthu anayi m'kachipinda kamodzi, ukaona galimoto ya polisi mtima uli phaa. Foni ikalira kuchokera kumudzi, moni anali wachidule, nkhani yeniyeni inali feteleza, sopo, mankhwala. Ndinkatumiza, nanga ndikanatani. Mkazi wanga anatopa kudikira n'kukwatiwa ndi mnyamata wa kabaza ku Mitundu. Ndinamva pafoni ndili pamzere wogula buledi, ndipo buledi ndinagulabe.

Kenako ndinapeza ntchito yosesa m'sitolo ya mzungu wina wokalamba, wogulitsa zinthu zakale za kunkhondo. Ndinkamutcha Chikhosomo chifukwa ankatsokomola tsiku lonse. Tsiku langa loyamba ndinaona mamendulo m'bokosi ali bii, ndiye ndinatenga kansanza kuti ndimuonetse kuti wapeza munthu waukhondo. Mkuluyo anakuwa ngati ndaponda mwana. Anati mendulo sakwecha. Kuda kwakeko ndi umboni wa zaka zake, ndipo ukaikwecha umachotsa chitsulo, zilembo n'kumapita nacho.

Maso ake anali atayamba kufooka, choncho pang'onopang'ono anandisandutsa maso ake. Anandipatsa kagalasi kokulitsa zinthu n'kundiphunzitsa kuona. Mamendulo awiri amatha kufanana ngati mapasa, koma ina ili ndi mutu wa mfumu, ina wa mfumukazi. Ina ili ndi kachitsulo kopingasa pansalu, kolembapo dziko limene munthu anakamenyako nkhondo, ina ilibe. Yabodza imapepuka m'manja, ndipo ukaigwetsa patebulo imalira ngati chitsekero cha botolo. Ina akamberembere anafufutapo dzina la mwini n'kulembapo la munthu wotchuka, ndipo umaidziwa poti m'mphepete mwake mumaonda. Mamendulo ooneka ngati nyenyezi ambiri sankalembedwa dzina. Koma ozungulira asiliva ena, m'mphepete mwenimwenimo, muli tizilembo tating'ono ngati nyerere: nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake.

Lamlungu anzanga akapita kokamwa, ine ndinkakhala m'sitolomo kuwerenga mayina a anthu akufa. Ena anali akwathu ndithu, aSaidi, aJailosi, aMakwinja, atagona m'mabokosi ndi timapepala ta mitengo. Ndinkadzifunsa kuti ana awo anawagulitsa pa njala iti. Ndinali wosungulumwa kwambiri, ndisaname, moti nthawi zina ndinkawapatsa moni.

Tsiku lina kunabwera mendulo yozungulira, nsalu yake yapepo m'mbali, yobiriwira pakati. Inali yofanana ndendende ndi imene amayi ankasunga pansi pa sutikesi, yomwe ndili mwana ndinkangoionera patali. Chikhosomo anati imeneyo ankapatsa asilikali amene anakamenya m'nkhalango za ku Malaya, ndipo iliyonse ili ndi dzina. Anatinso ali ndi mnzake kunja amene ukamupatsa nambala amakafufuza m'mabuku akale a asilikali, ndipo nthawi zina amapeza mudzi, mfumu ndi boma limene munthu analembedwera.

Ndinaimbira mlongo wanga Dofa, amene amagulitsa tomato pamsika wa Mitundu. Amayi makutu anayamba kuvuta, ndiye nkhani zonse zinkadzera mwa iye. Anakwera minibasi mpaka ku Nathenje, n'kujambula mendulo ya amayi ija ndi kafoni kake. Zithunzi zinabwera zambiri, zonse za chimbuuzi. Koma pa chimodzi ndinaona ndithu kuti zilembo zilimo, zodzaza litsiro, kungoti sizinkawerengeka.

"Achimwene, n'chakuda bii chinthuchi," anatero Dofa. "Foni singaone."

"Chisiyeni choncho, musachikhudze. Ndidzawerenga ndekha ndi galasi."

"Mudzabwera liti?"

"Posachedwa."

Posachedwa wakeyo anatenga zaka ziwiri. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Dofa ankandiuza kuti amayi auza mpingo wonse kuti mwana wawo akubwera ndi galasi lodzawapezera mfunda. Amayi a chigwirizano anayamba kuwanena kuti, "Tidyeretu nanu, Nakopolo, mwina mudzapezeka kuti ndinu a kubanja lachifumu." Ine ndikamva zimenezo tulo tinkandithawa.

Chikhosomo atagonekedwa m'chipatala, ana ake anatseka sitolo. Anandisiyira kagalasi kaja ndi nambala ya foni ya mnzake uja. Ndinakwera basi yodzera ku Tete ndi ku Dedza, miyendo itatupa, n'kutsika pa Nathenje masana dzuwa lili pamutu. Katundu wanga anali wochepa moti anyamata a kabaza sanandithamangire n'komwe.

Kumudzi ndinapeza mitengo ya mango imene ndinaisiya itadulidwa, anawotchera njerwa. Ana amene ndinawasiya akuyamwa ankandiyang'ana ngati wogula nkhumba. Amayi anali atachepa thupi, msana utapindika, koma anandigwira dzanja mwamphamvu. Sanafunse za ndalama, sanafunse za mkazi uja. Madzi akumwa ndisanamalize, anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka atavala chitenje chatsopano ndi duku, atanyamula mbale ya alendo yovundikira ndi kansalu koyera. Dofa, amene anabwera dzulo lake kudzandichingamira, anakhala pamphasa nkhope ili pansi.

Amayi anavundukula mbale ija. Mendulo inawala mpaka kundithobwa m'maso.

"Dofa anati foni yalephera chifukwa cha litsiro," anatero mokweza, monga amayankhulira anthu osamva bwino. "Ndinayesa phulusa, ndinayesa mchenga wa kudambo, osatheka. Ndiye ndinapita nayo kwa wowotcherera zitsulo pamsewu paja, anaiika pamakina ake. Ndinati mwana wanga sangachoke ku Joni konse kuja kudzapeza zauve."

Ndinayang'ana Dofa. Ananong'ona kuti, "Ndinawauza, achimwene. Anati inu mukungowamvera chisoni kuti angatope."

Ndipo n'zoona, kwathu kuno chinthu choonetsa mlendo chimayenera kuwala. Poto amakwecha, pakhonde amazira, mwana amamudzoza mafuta mpaka chipumi kunyezimira. Ine ndinangolamula pafoni ngati bwana, chifukwa chake osachinena, poopa kuti mayunitsi angathe.

Ndinatulutsa kagalasi. Mutu wa mfumukazi unali utasalala, mphuno kulibe. Ndinatembenuza mendulo ija n'kuyamba kuyenda m'mphepete pang'onopang'ono. Ndinazungulira kamodzi, ndinazungulira kawiri, ndinasuntha kukakhala padzuwa. Munali see, mosalala ngati supuni. Penapake panatsala kamzere kamodzi kopindika, kaya kanali ka nambala, kaya ka dzina, ngakhale Chikhosomo sakanadziwa. Ya nyenyezi ija, imene inalinso momwemo, ndinaitembenuzanso, ngakhale ndinkadziwa kale kuti kumbuyo kwake sikukhala kanthu.

Amayi anali atasendera pafupi, mpweya wawo ukundigunda paphewa.

"Yawala eti?"

"Yawala, amayi."

"Nanga akuti ndine mwana wa yani?"

Ndinaganiza zongotchula dzina lililonse mwa aja ndinkawerenga Lamlungu, iwo akanavina, mpingo ukanaimba. Koma bodza la pamaliro a mayi ako ndi lolemera, sindikanalisenza. Choona nachonso chinandikanika. Ndinangoti, "Sizikuoneka bwinobwino."

Anaitenga m'manja mwanga, anaiyang'anitsitsa, n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye kuti sinayere," anatero. "Mawa upite nayo wekha kwa mnyamata uja, akaikwechenso."

Kwa wowotcherera sindinapiteko, ndipo mpaka lero sindinawauze. Nambala ya mnzake wa Chikhosomo uja ndinaifufuta mufoni. Ndinabwerera kumunda, chaka chino ndadzala soya. M'mawa uliwonse ndikamanola khasu ndimawaona amayi pakhonde, mendulo ili pamwendo, akuipukuta ndi phulusa mofatsa, kenako n'kuiyang'anitsa kudzuwa kuti aone ngati dzina la bambo awo layamba kutuluka.